Kalata kwa Mphasa ya pa Khonde la Amayi

Kwa inu a Mphasa,

Ndiyambe ndi kupepesa. Zaka zonsezi ndakhala pa inu, ndagonapo masana dzuwa likaswa mtengo, ndayanikapo ufa ndi mfutso, koma sindinakuthokozeni ngakhale kamodzi. Lero ndikulemba kalatayi ndili pa inu pomwe, pakhonde la amayi kuno ku Tamanda, kope lili pabondo. Ine ndine mwinimbumba pabanja pathu. Pakagwa zovuta, alongo anga ndi ana awo amadalira ine. Mu 2024 anandidalira, koma ndinalibe chowapatsa. Amene munagwira ntchito yanga chaka chimenecho ndinu, pamodzi ndi amayi.

Ndikudziwa kumene munachokera. Bango lanu linadulidwa kudambo m'chilimwe, madzi ataphwa. Mkulu wina wa m'mudzi muno, amene tsopano anatisiya, analing'amba, naliyanika, nalisoka ndi chingwe cha khonje atakhala pansi pa mtengo wa mango masiku angapo. Amayi anakugulani ndi nkhuku. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ndimaona kuti inu, pokhala mwana wa m'dambo, munatengera khalidwe lomwelo.

Nkhani ya mnyamata wathu mukuidziwa kuposa ine, koma mundilole ndiifotokoze, chifukwa kalatayi adzawerenganso ena. Iye wavomera kuti ndilembe, bola ndisatchule dzina lake.

Ndi mwana wa mlongo wanga, wachisamba. Analemba mayeso a giredi 12 kumapeto kwa 2023, ndipo zotsatira zitatuluka, masamu ndi sayansi zinali zitamugwetsa. Sanataye mtima nthawi yomweyo. Anali atalima kale kamunda kake ka soya ndi chimanga kuti akakolola agulitse, alipire mayeso a GCE, ayesenso. Ndiye mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chitangoyamba kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ife tinamvera pawailesi. Iye anali ataona kale m'munda mwake, masamba atapotana ngati fodya wouma.

Anayamba ndi kusiya mpira. Kenaka kwaya. Kenaka kusamba. Nsima ankangotsina kawiri n'kusamba m'manja. Tsiku lonse ankakhala m'gowelo chitseko chili chotseka. M'mudzi aliyense anali ndi dzina la matendawo: ena amati ndi chamba, ena amati alipo amene wamulodza chifukwa cha sukulu, ena amati ndi ziwanda. Ine ndinati ndi ulesi. Ndinaima pakhomo pa gowelo n'kunena mawu amene nanenso ndinauzidwa ndili mnyamata: "Mwamuna salira. Dzuka, mphwayi sizidyetsa munthu." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Ataonda kwambiri ndinamukweza panjinga kupita naye kukiliniki. Linali tsiku la sikelo, khonde lodzaza ndi azimayi ndi makanda, ena a iwo a m'mudzi mwathu momwe. Namwino anali mmodzi, ndipo sindimuimba mlandu. Nkhope yake inkaonetsa kuti sanapume chiyambire m'mamawa. Anakhala kuseri kwa tebulo, mnyamata pampando kutsogolo kwake, ine ndili chilili pambali. Zenera linali lotsegula.

"Vuto n'chiyani?"

Mnyamata anayang'ana pansi, monga tinamuphunzitsira kuchita pamaso pa akulu, nati, "Mutu."

Anamubaya chala kuyeza malungo, sanapezeke. Tinapatsidwa panado m'kapepala. Pobwerera ndinkapalasa njinga mtima uli m'mwamba, ndikudzifunsa kuti mtunda wonsewu tauyendera liwu limodzi lokha. Panapita nthawi ndisanazindikire kuti liwu limodzilo linali loona. Mutu unkamupwetekadi. Nanga zotsalazo akanazinena bwanji, amalume ake ataima pomwepo, anzawo a mayi ake ali kuseri kwa zenera, wofunsayo diso lili pamzere wa anthu pakhomo?

Amayi sananene kanthu titafika. Madzulo anakutulutsani, anakukung'unthani fumbi, nakuyalani pano. Anatenga lichero ndi kathumba ka mtedza umene anasungira mbewu, naitana cha kugowelo: "Amuna anga, tabwerani mundithandize kuswa mtedzawu, zala zanga zatopa." Mukudziwa kuti kwathu kuno ambuya ndi mdzukulu amasereulana, amatchulana mwamuna ndi mkazi, ndipo zimene mwana sanganene kwa mayi ake kapena kwa amalume ake amazinena kwa ambuya ake popanda manyazi. Anatuluka. Anakhala pa inu moyandikana, onse maso ali palichero. Usiku woyamba sanakambe china koma mtedza. Wachiwiri amayi anamufotokozera za chilala cha 1992, mmene tinadyera nsima ya chimanga chachikasu cha thandizo, ndi mmene malemu bambo anga anakhalira mwezi wathunthu osaseka. Wachitatu ndi pamene iye anati, "Ambuya, mutu wanga sukupuma. Ndikuganiza kwambiri."

Zinatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime m'mwezi wa Okutobala. Kuti usiku sagona. Kuti akagona amalota malemu bambo ake ataima m'mphepete mwa munda osalankhula. Kuti bambowo atamwalira iye anali kusukulu yogonera komweko, mkati mwa mayeso a giredi 9, ndipo ife akuluakulu tinapangana zomubisira mpaka amalize, kotero kuti sanaponye dothi m'manda. Kuti amadziona ngati mtolo pamutu pa mayi ake. Kuti masiku ena ankaganiza kuti bwenzi zinthu zili bwino iye kulibe. Amayi sanakuwe, sanamukalipire, sanathamange kukaitana anthu. Anati, "Ndamva, amuna anga. Lero mugona muno." Anagona pa inu, m'nyumba mwa ambuya ake, iwo ali maso mpaka tambala woyamba.

Ndakhala ndikusinkhasinkha kuti n'chiyani chili mwa inu chimene chinamasula lilime lake. Inu mulibe kumutu kapena kumiyendo, mulibe kuseri kokhala wofunsa ndi kutsogolo kokhala wofunsidwa. Wokhala pa inu, kaya ndi mfumu kaya ndi mwana, watsika pansi mofanana. Anthu safunika kuyang'anana m'maso. Manja amakhala ndi chochita, ndipo mawu akasowa, mtedza umalankhula m'malo mwake. Koposa zonse simuthamangitsa munthu. Mnyamata wathu anafunika madzulo atatu, ndipo munamupatsa onse atatu.

M'mawa mwake amayi anandiitana nati, "Mwanayu si waulesi. Akudwala, ndiponso akulira maliro amene tinamumana. Mupite naye ku Chipata, mukabwerako mupite naye kumanda."

Kuchipatala chachikulu tinapeza wachipatala wophunzira za matenda a maganizo, wolankhula Chichewa chathu chomwechi. Choyamba anandipempha mwaulemu kuti ndidikire panja. Mnyamata anandiuza pambuyo pake kuti munthuyo anachoka kuseri kwa tebulo nakokera mpando wake pambali pake, ndipo atamva za malotowo sanaseke, sanafulumirenso kulemba. Anafunsa kuti, "Kwanu munthu akalota chotere, akuluakulu amati n'chiyani?" Anamupatsa mankhwala, namuchenjeza kuti sagwira tsiku limodzi, amatenga milungu ingapo, namuuza tsiku lobwereranso. Lamulungu lotsatira, titapempha kwa amfumu, tinapita kumanda. Anazula udzu pamtumbira wa bambo ake ndi manja, mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo mnyamata amene ndinamuuza kuti mwamuna salira analira mpaka mawu kusasa. Mankhwala anagwira ntchito yake, manda anagwira yake. Koma pakanapanda inu, sitikanafika kulikonse kwa malo awiriwa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa, ndipo ndapeza kuti vuto lathuli lili ndi abale ake kutali. Ku Australia kuli anthu otchedwa Aboriginal, eni nthaka amene Azungu anawapeza kumeneko. Kwa zaka zambiri, mpaka cha m'ma 1970, boma linkawalanda ana n'kukawalera m'mamishoni ndi m'nyumba za boma, kutali ndi makolo ndi chilankhulo chawo. Lipoti lotchedwa Bringing Them Home linaulula zimenezi mu 1997, ndipo pa 13 Febuluwale 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo. Zidzukulu za ana olandidwawo ndiwo achinyamata a lero, ndipo achinyamata a mtundu umenewu amadzipha mochuluka kuposa anzawo a mitundu ina m'dzikolo. Zipatala zilipo, zomangidwa bwino kuposa zathu. Koma mwana amene agogo ake anatengedwa ndi munthu wonyamula mapepala a boma sakhulupirira msanga munthu wonyamula mapepala a boma. Choncho eni akewo anayamba kutsegula zipatala zoyendetsa okha, choyamba ku Redfern mumzinda wa Sydney mu 1971. Asing'anga awo a m'chigawo chapakati cha dzikolo, otchedwa ngangkari, amalowa m'zipatala zina kukaona odwala pamodzi ndi madokotala. Mu 2022 kunatsegulidwa nambala ya foni yotchedwa 13YARN, imene amayankha ndi anthu a mtundu wawo womwewo. Kwa iwo munthu ali bwino ngati ali pamtendere ndi abale ake, makolo ake akale ndi nthaka yake. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira mtumbira wa mlamu wanga ndi kamunda ka soya kaja.

Amene anaika poyera mfundo yakuti chithandizo chizilemekeza chikhalidwe cha wodwala ndi namwino wa mtundu wa Māori ku New Zealand, Irihapeti Ramsden, ndipo mu 1992 mfundoyi inalowa m'mayeso a anamwino a dzikolo. Iye ankaphunzitsa kuti woweruza ngati chithandizo chalemekeza munthu ndi chikhalidwe chake ndi wodwalayo, osati wopereka chithandizo. Ankatinso namwino ayambe wadzifufuza yekha, adziwe mphamvu zimene ali nazo pa wodwala ndi zinthu zimene amazinyoza mosadziwa.

Ife sitifanana nawo m'zonse. Sitili ochepa m'dziko lathu, ndipo namwino wa pakiliniki ndi mwana wathu yemwe, mwina wa ku Katete kapena ku Chadiza. Koma anaphunzira m'Chingerezi, mabuku ake analembedwa kutali, ndipo mafunso amene anamuphunzitsa kufunsa sanabadwire kuno. Nafenso tili ndi zipsera zathu. Lamulo limene linayendetsa za matenda a maganizo m'dziko muno kwa zaka 70 linalembedwa mu 1949, nthawi ya atsamunda, ndipo linkatchula odwala ndi mayina achipongwe, ofanana ndi kunena kuti chitsiru kapena chidzete. Anachita kupita kukhoti odwala eni ake, mmodzi wa iwo Sylvester Katontoka wa bungwe la MHUNZA, ndipo mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti mawu amenewo akuphwanya ufulu wa anthu. Lamulo latsopano linabwera mu 2019. Koma pakamwa pa anthu sipanasinthe. Chipatala cha Chainama ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 1962 kuti chizithandiza odwala, dzina lake anthu analisandutsa mwano: mwana pabwalo la sukulu akafuna kunyoza mnzake amati ngwa ku Chainama. Mnyamata wa ku Tamanda amene akumva kulemera mumtima amadziwa kuti akangovomera, dzina limenelo limukakamira mpaka tsiku lokafunsira mbeta. Ndiye amasankha kukhala chete, kapena kukabisala m'kachasu, kapena kukhala usiku wonse pafoni akubetcha za mpira ndi tindalama ta ganyu.

Palinso mng'alu wina wakale. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo pano pa Tamanda anayamba ntchito yawo mu 1924. Anatibweretsera sukulu ndi Mawu, ndipo ine ndine mwana wa mpingo umenewu mpaka lero. Koma kuyambira nthawi imeneyo mudzi unagawika: wa kutchalitchi asayandikire kudambwe, wa kudambwe asayandikire mgonero. Gule wamkulu anafika polemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti timakhamukira ku Mkaika kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, komabe mnyamata wolowa gule akafika pamaso pa munthu wovala zoyera amabisa mbali imeneyo ya moyo wake. Amabisanso kuti dzana anali kwa sing'anga, ndi kuti m'chiuno muli kachingwe. Nanga wachipatala amuthandiza bwanji munthu amene wamuonetsa theka lokha? Pa inu, a Mphasa, akhalapo onsewa: abusa, anamkungwi, asing'anga, alangizi a zaulimi. Simunafunsepo munthu kumene wachokera asanakhale.

Anzathu a ku Zimbabwe anazindikira izi kale. Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare mumzinda wa Harare kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, nawakhazika pabenchi panja pa kiliniki. Agogowo sankatchula matenda ndi dzina la Chingerezi. Ankafunsa za kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri m'Chishona, mawu omwewo amene mnyamata wathu ananena pa inu. Kafukufuku wa anthu oposa 500 amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti okhala pabenchi anapeza bwino kwambiri kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Benchi imeneyo ndi mbale wanu.

Tsopano mundilole ndinene zowawa, pakuti kalata yongotamanda ikhala yabodza. Pa inu pachitikanso zoipa, ndipo ochita ake ndife. Pa inu tinakhazika atsikana otenga mimba ali pasukulu, akuluakulu titawazinga, n'kuwapanikiza ndi mafunso ngati akuba. Boma linalola kuyambira 1997 kuti mtsikana wotere abwerere kusukulu akabereka, koma ambiri tinawakwatitsa. Pa inu tinalangiza anamwali kuti banja ndi kupirira, ndipo ena anapirira mpaka kuzima ngati nyali yotha mafuta. Pa inu tinagoneka odwala khunyu patali poopa malovu awo, pamene matendawa sapatsirana motero ndipo mankhwala ake alipo. Pa inu panagona anyamata omangidwa zingwe m'miyendo. Ndipo pa inu pomwepa ndi pamene tinakhala ife popangana zobisira mwana maliro a bambo ake. Mtsikana amene wagwiriridwa ndi wachibale sangapeze mtendere pa mphasa ya banja lomwelo. Iyeyo afunika chipinda chotseka, munthu wachilendo wosunga chinsinsi, kapena nambala 116 imene ana amaimba mwaulere. Ndipo mwana amene wayamba kubwebweta thupi lili moto asagonekedwe pa inu kudikira kuti kuche. Amenewo angakhale malungo a muubongo, ndipo afunika kuchipatala usiku womwewo.

N'chifukwa chake mfundo ya namwino wa ku New Zealand uja yandikhala mumtima. Wosankha ndi mwanayo. Wina asankha ambuya ake, wina mnzake wa msinkhu wake, wina abusa, wina foni usiku onse atagona. Chofunika kwa ife n'choti aliyense wa amenewa apezeke mwana akamufuna, ndipo asanyozane pamaso pake.

Pempho langa ndi ili. Makiliniki athu ambiri ali ndi kangodya ka achinyamata, ndipo kawirikawiri nkhani zake ndi za HIV ndi kulera. Zimenezo n'zofunika. Koma ndikupempha kuti muvomere kunyamulidwa, inu ndi abale anu, mukayalidwe kuseri kwa kiliniki pansi pa mtengo, kutali ndi zenera ndi mzere wa sikelo. Njira yake tikuidziwa kale. Magulu a SMAG anatenga anthu wamba a m'midzi, kuwaphunzitsa zizindikiro zoopsa za amayi oyembekezera, ndipo tinaona ndi maso athu azimayi akuyamba kukachirira kuchipatala. Tilekeranji kuphunzitsa chimodzimodzi ambuya, anamkungwi, akulu a kudambwe, oyang'anira matimu a mpira ndi achinyamata eni ake, kuti adziwe kumvetsera, kusunga chinsinsi, kufunsa mosapita m'mbali ngati mwana akuganiza zodzipha, ndi kuzindikira pamene nkhani yawakulira kuti aipereke kwa achipatala? Achipatalanso, asanayambe ntchito kudera kuno, akhaleko kaye pa inu masiku angapo, amve mawu amene ana athu amanena: mtima kuwawa, mutu kulemera, tulo kusowa, kutopa ndi moyo. Aphunzire kuti kuyang'ana pansi ndi ulemu, ndi kuti yankho loyamba la mwana wa kuno ndi odi chabe, nkhani yeniyeni imabwera pambuyo.

Ndinakamba zimenezi pamsonkhano wa komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu. Ena anafunsa kuti ndalama zophunzitsira anthu zichokera kuti, ndipo funso lawo n'loona. Amene anayamba kuvomera ndi namwino uja anatipatsa panado. Anati Lachinayi masana mzere umachepa, ndipo angathe kutuluka panja kwa ola limodzi. Mnyamata wathu, amene tsopano akukonzekera mayeso ake ndipo masiku ena amadzukabe wolemedwa, wati abwera ndi anzake awiri a mpira. Amayi ati apita nawo miyendo ikalola, ndipo atenga lichero ndi mtedza.

M'mphepete mwanu mwayamba kumasuka, ndipo bango lina lathyoka pamene amakonda kukhala amayi. Ndagula chingwe. Mawa ndikusokani mmene ndingathere, ngakhale dzanja langa silifika pa la mkulu amene anakupangani. Lachinayi ndidzakupindani n'kukumangirirani pakaliyala. Msewu wake ndi wafumbi, ndipo ndidzapalasa pang'onopang'ono.

Ndine wanu,
Mwinimbumba wa ku Tamanda